Mutu 9: Ngongole zikachuluka, tiyambe kubweza iti?

Msewu wa M1 ukachoka ku Phwezi umakhotakhota m'mapiri, umadutsa pafupi ndi mgodi wa malasha wa Mchenga, kenako n'kutsetsereka mpaka kukafika m'mphepete mwa nyanja pa Chiweta. Pamenepo wopita ku Chitimba ndi ku Karonga amalunjika kumpoto, wopita ku Mlowe amakhotera kumwera motsata gombe. Ndalama za pamalopa zimachokera mbali zonsezi: ku usipa wa m'nyanja, ku khofi wa m'mapiri a Phoka, ku fodya wa m'chigwa cha Henga, ku malipiro a aphunzitsi, azaumoyo ndi a kumgodi, ndiponso kwa madalaivala a malole ochokera kuchipata cha Songwe amene amaima kuti adye. Koma zambiri mwa ndalamazi zili ndi nyengo yake. Mwezi ukawala usipa umachepa. Mwera ukaomba, makamaka mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, mabwato amagona pamtunda masiku angapo. Mlimi amagulitsa kamodzi pachaka, pamene matenda, maliro ndi fizi sizidikira kuti munthu akolole.

N'chifukwa chake ngongole pa Chiweta si chizindikiro cha ulesi. Ndiyo imalumikiza nyengo ya ndalama ndi nyengo ya chilala cha m'thumba. Nthambi za mabanki zili kutali, ku boma la Rumphi, ku Karonga kapena ku Mzuzu kumene ndi ulendo wa makilomita oposa 100, choncho munthu amakongola pamene pali pafupi: ku banki mkhonde, pa foni, kwa mwini golosale, kwa achimwene, ku bungwe lokongoza magulu a amayi, ndipo zikathina, kwa wakatapila. Chovuta chimayamba pamene ngongolezi zafika zinayi kapena zisanu, ndalama yobwezera n'kukhala yokwanira imodzi yokha.

Anthu ambiri zikatere amapereka kwa amene wabwera pakhomo m'mamawa, kapena kwa amene akulalata kwambiri. N'zomveka, munthu amafuna mtendere. Koma phokoso la mwini ngongole silikuuzani kuti ngongole imene ikukudyani ndi iti. Mafunso oyenera kutsogolera ndi awiri: kodi ngongoleyi ikukula mofulumira bwanji, nanga ndikalephera kuibweza nditaya chiyani?

Zonse pa pepala limodzi

Musanasankhe, lembani. Tengani kope, mulembe mwini ngongole aliyense, ndalama yotsala, tsiku lobweza, chikole chimene munapereka, ndi chiwongoladzanja. Ntchito imeneyi imawawa, ndipo ambiri amaithawa chifukwa chiwerengero chonse chikaonekera pamodzi mtima umagunda. Chitani ndi mnzanu wa m'banja ngati n'kotheka. Ngongole yobisira mkazi kapena mwamuna ndiyo imathera kwa wakatapila, pakuti wobisayo sangagulitse mbuzi kapena kupempha thandizo popanda kufunsidwa chifukwa.

Polemba chiwongoladzanja, zonse muziyese ndi muyeso umodzi, wa pamwezi. Banki imatchula cha pachaka, banki mkhonde cha pamwezi, ngongole ya pa foni cha masiku owerengeka, ndipo manambalawo amasokoneza. Mu Febuluwale 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza mlingo wake wa chiwongoladzanja kufika pa 26 peresenti pachaka, ndipo mabanki amakongoza anthu wamba pamwamba pa pamenepo. Tinene kuti banki ikufuna 36 peresenti pachaka. Nambalayo ikumveka yaikulu kuposa 20 peresenti imene magulu ambiri a banki mkhonde amaika, komatu 36 pachaka ndi 3 yokha pamwezi, pamene 20 pamwezi ndi 240 pachaka. Wakatapila wofuna K50 pa K100 iliyonse mwezi ukatha ali pa 600 peresenti pachaka, ndipo ngati chiwongoladzanja chosalipidwa akuchiphatikiza ku ngongole, K100,000 imasanduka K337,500 m'miyezi itatu yokha.

Pali ngongole zina zimene eni ake sazitchula kuti ngongole, ndipo kunyanja ndi zambiri. Wogula usipa amapatsa mwini chilimira ndalama ya petulo madzulo, pangano lake n'lakuti m'mawa nsomba agule ndi iye pa mtengo wotsika. Ngati chigoba chikugulidwa K10,000 pagombe koma iye akutenga pa K8,000, K2,000 yotsalayo ndi chiwongoladzanja, ndipo chikulipidwa pa chigoba chilichonse, usiku uliwonse umene pangano likugwira ntchito. Chimodzimodzi mlimi amene amalandira ndalama mu Januwale kuti adzabweze thumba la chimanga pokolola. Izinso zilembedwe, ndipo muwerenge zimene mukutaya pamwezi.

Mufunsenso mmene chiwongoladzanja akuchiwerengera. Okongoza ena amachiwerengera pa ndalama yonse imene munatenga poyamba, kuyambira mwezi woyamba mpaka wotsiriza, ngakhale mwabweza kale theka. Ena amachiwerengera pa yotsala yokha. Pa K600,000 ya miyezi 12 pa 5 peresenti pamwezi, njira yoyamba ikudyerani K360,000, yachiwiri pafupifupi K212,000. Onse awiri adzakuuzani kuti "ndi 5 peresenti basi", ndipo onse adzakhala akunena zoona.

Ndalama imodzi, makomo asanu

Tiyerekeze mayi wogula usipa pa Chiweta n'kukagulitsa ku Mzuzu. Ali ndi K100,000 ya katapila pa 50 peresenti pamwezi, K200,000 ya banki mkhonde pa 20 peresenti, K600,000 ya bungwe lokongoza pa 5 peresenti yowerengera pa yotsala, K150,000 ya achimwene ake yopanda chiwongoladzanja, ndi K20,000 ya sopo ndi shuga kugolosale. Zonse pamodzi ndi K1,070,000. Ulendo wina wamuyendera bwino, ndipo atalipira gawo la mwezi uno kumene likufunika, watsala ndi K100,000 m'manja.

Mtima umamuuza kuti ngongole yoopsa ndi ya K600,000, poti ndiyo yaikulu, ili ndi mapepala ndi sitampa. Koma onani zimene iliyonse ikubala pamwezi: ya bungwe K30,000, ya banki mkhonde K40,000, ya katapila K50,000. Yaing'ono mwa zitatuzi ndiyo ikudya kwambiri. K100,000 yake akaipereka ku bungwe, mwezi wamawa apulumutsa K5,000. Akaipereka ku banki mkhonde apulumutsa K20,000. Akaipereka kwa wakatapila apulumutsa K50,000, mwezi wamawa ndi miyezi yonse yotsatira, ndipo K50,000 imeneyo ndiyo ayambe kugwetsera ngongole ya ku gulu. Ya ku gulu ikatha, K90,000 imene inkapita ku chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi yamasuka, ndipo ya bungwe ija siichedwanso.

Lamulo lake ndi limeneli: paliponse pamene pali gawo loyenera kulipira pamwezi, lipirani gawolo kuti musagwe m'chindapusa, ndipo ndalama yonse yotsala ipite pa ngongole imodzi, ya chiwongoladzanja chokwera kuposa zonse. Kugawa K20,000 pakhomo lililonse kuti aliyense aone nkhope yabwino kumatonthoza anthu sabata imodzi, koma palibe ngongole imene imafa.

Pamene masamu okha sakwanira

Mndandanda wotsata chiwongoladzanja umasintha pakabwera funso lachiwiri lija, la zimene mungataye.

Ngati chikole cha ngongole ndi chinthu chimene mumadyera, ngongoleyo isaphonye tsiku ngakhale chiwongoladzanja chake chitakhala chochepa. Injini ya boti, chilimira, njinga yamoto ya kabaza, makina osokera, munda wa khofi: izi zikalandidwa, njira yobwezera ngongole zina zonse yatsekeka. Ndipo katundu wolandidwa sagulitsidwa pa mtengo wake weniweni. Wolanda amangofuna ndalama yake ituluke msanga, moti injini imatha kupita pa mtengo wozizira chifukwa cha ngongole yosafika ndi theka lomwe la mtengo wake. Ngati zafika poti katundu apite ndithu, kuli bwino mumugulitse nokha, modekha, kwa wogula amene mwamupeza nokha, mubweze ngongole, chotsala chikhale chanu. Lendi ya nyumba kapena ya shopu ili m'gulu lomweli.

Banki mkhonde ili ndi nkhani yakeyake. Njira ya magulu osunga ndi kubwereketsa imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo lero yafika pafupifupi m'mudzi uliwonse m'Malawi. Chiwongoladzanja chake n'chokwera, koma sichipita kwa mlendo. Chimabwerera m'bokosi, ndipo pogawana, nthawi zambiri kumapeto kwa chaka, gawo lina limabwerera kwa wokongolayo molingana ndi masheya ake. Choncho kulemera kwake kwenikweni n'kocheperapo kusiyana ndi mmene nambala ikuonekera. Komanso tsiku logawana silisuntha. Wofika Disembala asanabweze amadulidwa masheya, ndipo ngati sakukwana, anzake amene amapemphera nawo, amene adzamuphikire pa maliro, ndiwo amapita kwawo ndi ndalama yoperewera. Milandu yotere imafika kwa nyakwawa, ndipo munthu amatuluka m'gulu limene likanamuthandiza chaka chamawa. Ngongole za m'magulu a mabungwe monga FINCA, kumene mamembala amaimirana, zili ndi kulemera komweku: wolephera mmodzi amagwetsa onse. Choncho mayi wathu uja, ikakhala Okutobala kapena Novembala, ayenera kuwerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku logawana, aone ngati atatha ya katapila nthawi ikumukwanira.

Nanga achimwene aja? Pa masamu ngongole yawo ndi yomaliza, poti siikula. Apa ndipo ndimaona anthu abwino akulakwira abale awo osazindikira. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kumayambiriro kwa 2024 mitengo ya zinthu inali ikukwera ndi maperesenti oposa 30 pachaka. Munthu amene anakukongozani K150,000 zimenezi zisanachitike, mukamubwezera K150,000 yomweyo patapita zaka ziwiri, sangagule nayo malata kapena feteleza amene akanagula tsiku limene anakupatsani. Chiwongoladzanja chimene inu simunalipire, walipira ndi iye. Kumuika kumapeto n'kololeka, koma osati mwakachetechete. Pitani mukakhale nawo pansi: "Achimwene, ndalama yanu sindinaiwale. Ndili ndi katapila amene akundidya K50,000 pamwezi. Mundilole ndithane naye kaye, yanu ndiyamba mu Meyi, K30,000 mwezi uliwonse." M'bale wouzidwa zoona ndi tsiku lake kawirikawiri amadikira. Chimene chimadula ubale ndi kuzemba, kusayankha foni, ndi kukuonani mwagula chitenje chatsopano iye asanamve kanthu.

Ngongole zina sizikupatsani n'komwe mpata wosankha. Mlimi wa fodya wa pa kontirakiti amadulidwa ya feteleza ndi mbewu fodya akangogulitsidwa kumsika wa ku Mzuzu, ndalama isanafike ku akaunti yake. Wa m'boma amene anakongola ku banki kapena ku kampani yodula kumalipiro amalandira zotsala. Kutapa ya Airtel ndi Pasavute ya TNM zimadzibweza zokha mukangoika mayunitsi. Pokonza dongosolo, muwerengere ndalama imene imafikadi m'manja, osati imene yalembedwa pamwamba pa pepala la malipiro. Ngongole za pa foni monga Kutchova zimaoneka zazing'ono, koma ndi za masiku ochepa, ndipo mabungwe ovomerezeka amapereka mbiri ya obweza ndi osabweza ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, amene anakhazikitsidwa potsatira lamulo la 2010. Dzina likhoza kuda chifukwa cha K15,000, n'kudzakanizidwa ngongole yotchipa pa tsiku limene mukuifunitsitsa.

Kuyambira yaing'ono

Pali njira ina imene inatchuka ku America kudzera mwa mlangizi wa zachuma wa pa wailesi, Dave Ramsey: kusiya za chiwongoladzanja, n'kuyamba ndi ngongole yaing'ono kwambiri, kenako yotsatira, mpaka yaikulu. Pa masamu njirayi imataya ndalama, ndipo kafukufuku wa Moty Amar, Dan Ariely ndi anzawo mu 2011 anaonetsa kuti anthu amakonda kutseka ngongole zing'onozing'ono ngakhale pamene kutero kukuwaluzitsa. Koma mu 2012 David Gal ndi Blakeley McShane a pa yunivesite ya Northwestern, ataunika mbiri ya anthu masauzande amene ankalimbana ndi ngongole, anapeza kuti amene ankatseka ngongole imodzi ndi imodzi n'kumaona chiwerengero cha eni ngongole chikutsika ndiwo ankapirira mpaka kumaliza. Munthu si makina owerengera. Akaona dzina limodzi lafufutidwa m'kope, amapeza mphamvu.

Tisaiwale kuti ku America ngongole zimasiyana pang'ono, ina 18 peresenti pachaka, ina 24. Kwathu kuno ina ndi 3 pamwezi, ina 50 pamwezi. Kusiya katapila akubala kuti muyambe mwalipira tingongole tonse ting'onoting'ono ndi kudzipweteka. Maganizo anga ndi akuti njira ya yaing'ono igwire ntchito pamene katapila ndi zinzake zolusa zatha, kapena pamene kangongoleko n'kochepa moti sikasokoneza dongosolo. K20,000 ya kugolosale ija mayi wathu akhoza kuitseka msanga, chifukwa mwini golosale ndi amene adzamupatse ufa pa ngongole mwera ukadzaomba.

Kusamutsa ngongole

Ku Britain ndi ku America anthu ambiri amagula zinthu ndi makadi a ngongole, amene chiwongoladzanja chake chimapitirira 20 peresenti pachaka. Mabanki polimbirana makasitomala amaitana munthu kuti asamutsire ngongole yake ku khadi lawo, n'kumupatsa chaka kapena kuposerapo osalipira chiwongoladzanja, iye n'kungolipira kamodzi ndalama yosamutsira, kawirikawiri 3 mpaka 5 peresenti ya ngongoleyo. Wanzeru amagawa ngongoleyo ndi miyezi yaulereyo n'kuimaliza nthawi isanathe. Banki imadalira ena aja, amene nthawi imawathera ngongole ikadalipo, kapena amene akaona khadi lakale layera amayambanso kuligwiritsa ntchito, n'kukhala ndi ngongole ziwiri.

Makadi otere m'Malawi ali ndi anthu ochepa, ndipo palibe wokongoza pa Chiweta amene angakupatseni chaka chaulere. Koma kusamutsa ngongole kulipo. Mabanki ndi makampani okongoza anthu apantchito amati "tikugulirani ngongole": amalipira kumene munakongola kale, inu n'kuyamba kubweza kwa iwo. Kukongola ku SACCO kuti mutseke katapila ndi kusamutsa. Kutenga ku banki mkhonde ya Lachiwiri kuti mukabweze ku banki mkhonde ya Lachisanu nakonso ndi kusamutsa, kungoti n'kopanda phindu, poti mwachoka pa 20 kupita pa 20.

Kusamutsa kwabwino kumaoneka chonchi. Tinene kuti mayi uja ndi membala wa SACCO, imodzi mwa zimene zili pansi pa MUSCCO, mgwirizano umene unayamba mu 1980, ndipo masheya ake akumulola kukongola K300,000 pa 4 peresenti pamwezi yowerengera pa yotsala, kwa miyezi 12. Atseka katapila ndi banki mkhonde tsiku limodzi. Azilipira pafupifupi K32,000 pamwezi, ndipo chaka chonse chiwongoladzanja chikhala pafupifupi K84,000. Kumene wachokako ankataya K90,000 mwezi umodzi, ngongole osatsika ndi tambala yomwe. Ngakhale patakhala ndalama yolembetsera ndi ya inshulansi, apa palibe chokayikitsa. Chomvetsa chisoni n'chakuti khomo lotere limatsegukira amene analowa SACCO n'kuyamba kusunga mavuto asanafike. Wobwera atamira kale amauzidwa kuti ayambe wasunga miyezi ingapo.

Tsono onani kusamutsa kwina, kumene kwagwetsa aphunzitsi ndi anamwino ambiri. Tiyerekeze mphunzitsi amene akudulidwa K80,000 pamwezi, ndipo kwatsala miyezi 10, kutanthauza K800,000. Pabwera wothandizira kampani ina pasukulu: "Aphunzitsi, tikugulirani ngongoleyo. Tizikudulani K50,000 yokha, ndiponso mawa lomwe mulandira K200,000 ya m'manja." Mwezi umenewo kuli fizi ya mwana wa ku sekondale, ndipo mawuwo amakoma. Chimene sichitchulidwa mokweza ndi nthawi: miyezi 36. K50,000 kuchulukitsa ndi 36 ndi K1,800,000. Walandira K200,000, adzalipira K1,000,000 yoonjezera, ndipo m'malo momasuka chaka chisanathe wamangidwa zaka zitatu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wina anganene kuti poti kwacha ikutha mphamvu, K50,000 ya chaka chachitatu idzakhala yopepuka. Zimenezo n'zoona pokhapokha ngati malipiro akukwera mofanana ndi mitengo, ndipo wapantchito aliyense akudziwa mmene ziwirizi zimasiyanirana. Zomwe amati top-up zimayenda chimodzimodzi: ngongole ikatsala pang'ono kutha amakuimbirani kuti mwayenerera ina, ndipo ndalama zolembetsera ndi inshulansi zimayambiranso pa ngongole yonse.

Choncho poyerekeza, gawo la pamwezi lisakhale loyamba kuliona. Funsani wokongoza wakale kuti mukatseka lero mulipira zingati, ndipo akulembereni. Ena amachotsa chiwongoladzanja cha miyezi yotsala, ena amafuna chonse, ena amaika chindapusa cha kubweza msanga. Ngati akufuna chonse, kusamutsa kukutanthauza kulipira chiwongoladzanja kawiri pa ndalama imodzi. Kenako funsani watsopano kuti kuyambira lero mpaka tsiku lomaliza mudzakhala mutapereka zingati zonse pamodzi, kuphatikizapo zolembetsera ndi inshulansi, ndiponso ngati chiwongoladzanjacho chingakwere Reserve Bank ikakweza mlingo wake. Manambala awiriwo muwaike pamodzi. Wokongoza amene akuzemba kulemba nambala imeneyi papepala musamusainire kanthu. Muonenso chikole: kuchotsa ngongole yopanda chikole n'kuiika pa nyumba kapena pa munda kumatsitsa chiwongoladzanja, koma tsopano mukaphonya, chopita ndi pogona pa ana.

Palinso kusamutsira ngongole kwa m'bale, makamaka amene ali ku Joni. Mng'ono wanu akatumiza ndalama kuti mutseke katapila, mwachoka pa 50 peresenti kufika pa ziro, ndipo palibe banki ingapose pamenepo. Koma mugwirizane poyambirira kuti mudzabweza m'makwacha kapena m'marandi. Mu Novembala 2023 dola imodzi inachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki tsiku limodzi, ndipo aliyense amene anali ndi ngongole ya ndalama yakunja anadzuka ikufuna makwacha ochuluka ndi 44 peresenti. Amalonda amene amaoda katundu pa ngongole ku Kyela kapena ku Mbeya, m'mashilingi a ku Tanzania, ali pa chiopsezo chomwechi, ndipo ngongole yotere iyenera kukwera pa mndandanda ngakhale ilibe chiwongoladzanja cholembedwa.

Zimene lamulo likunena

M'Malawi mulibe lamulo loika malire a chiwongoladzanja. Mu 2018 phungu wa Dowa West, a Alexander Kusamba Dzonzi, anabweretsa nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo, inakambidwa kwambiri, koma siinasanduke lamulo. Izi sizikutanthauza kuti wokongola alibe pothawira. Malamulo a 2010 oyendetsera mabungwe a zachuma ndi okongoza ang'onoang'ono amafuna kuti wochita malonda okongoza ndalama akhale wovomerezeka ndi Mlembi wa mabungwe a zachuma, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank. Dandaulo lokhudza banki, SACCO kapena kampani yokongoza limayambira ku bungwe lomwelo, ndipo likapanda kumveka limapita ku Reserve Bank, imene ili ndi nthambi ku Mzuzu. Palinso lamulo lakale la Loans Recovery Act, limene limapatsa khoti mphamvu younikanso pangano la ngongole ngati chiwongoladzanja chake n'chopyola muyeso ndi chankhanza, n'kuchepetsa zoyenera kulipira. Wosowa ndalama ya loya akhoza kupita ku ofesi ya Legal Aid Bureau ku Mzuzu.

Akatapila ambiri amadziwa kuti kukhoti sangakaime bwino, n'chifukwa chake amadalira manyazi ndi mantha, ndiponso kusunga khadi la ATM ndi chiphaso cha unzika cha wokongola. Kudziwa zimenezi kumakupatsani polankhulira. Munthu amene wapereka kale K50,000 miyezi inayi pa ngongole ya K100,000 wabweza kawiri zimene anatenga, ndipo ali ndi chifukwa chopita ndi mboni, kaya mkulu wa mpingo kaya nyakwawa, kukapempha kuti chiwongoladzanja chiime, pagwirizanidwe ndalama yomaliza ndi tsiku lake. Si onse amavomera, koma ambiri amasankha ndalama yooneka kusiyana ndi mlandu.

Tsiku lotseka ngongole ya katapila musapite nokha. Ndalama iperekedwe pamaso pa mboni, kapena itumizidwe pa Airtel Money kapena Mpamba kuti uthenga wake utsale m'foni. Pepala limene munasainirana lilembedwe kuti zatha, onse awiri musaine, ndipo chiphaso, khadi ndi chikole chilichonse mubwere nazo tsiku lomwelo. Nambala yachinsinsi ya khadilo muisinthe musanalandire malipiro ena. Ngati ngongole yagulidwa ndi kampani ina, ndalama yotsekera ipite mwachindunji kwa wokongoza wakale, isadutse m'thumba mwanu, ndipo mutenge kalata yotsimikiza kuti kumeneko mulibenso ngongole. Kenako muyang'anitsitse pepala la malipiro miyezi iwiri kapena itatu yotsatira, chifukwa zimachitika kuti wakale akupitiriza kudula pamene watsopano wayamba kale, ndipo ndalama yodulidwa molakwika imatenga nthawi kuti ibwerere ngati kalata ija mulibe.